Bolodi yopimira warp ya ku Kalingalinga: ndiyabwino, koma zikhomo zake muziyang'anitsitse

Ndinene poyamba pomwe kuti amene mulibe nthawi musavutike kuwerenga mpaka kumapeto: bolodi yopimirapo warp (ulusi woyenda mulitali pa loom, makina owombera nsalu) imene anandipangira kalipentala wina wachikulire ku Kalingalinga kuno ku Lusaka ndiyabwino, ndikuigwiritsa ntchito mpaka manje, ndipo nditafuna ina ndingabwerere kwa iwo omwewo. Koma sikuti zonse zinayenda bwino ayi. Ndinaoda zinthu zinayi, bolodiyo, raddle (thabwa la mano logawira ulusi), timitengo tiwiri togwira mtanda (pomwe ulusi umapingasana kuti usasokonekere), ndi timatabwa topyapyala toika pakati pa ulusi pokulunga pa beam (mtengo wokulungapo warp kumbuyo kwa loom). Pazinayizi ziwiri zinatuluka bwino tsiku lomwelo, chimodzi chinabwerera kukakonzedwa, chinacho mpaka lero ndimangochipirira.

Amene simunagwirepo loom mwina mukuti kodi bolodi imeneyi ndi ya chani. Nsalu iliyonse yowomba ili ndi ulusi wa mbali ziwiri, wina woyenda mulitali umene umakungidwa pa loom usanayambe ntchito, umenewo ndiye warp, wina ndi uja umapingasa nawo ndi shuttle, kachipangizo konyamula ulusiwo uku ndi uku. Wopingasawu ulibe vuto kwenikweni, ukalakwitsa umangomasula mizere ingapo nkubwereza. Koma warp ikalakwika yalakwika, uvutika nayo kuyambira sentimita yoyamba mpaka tsiku lodula nsalu. Ulusi onse, olo akhale 400, ayenera kukhala otalika mofanana, okungika mofanana, ndipo aliyense akhale pamalo pake osadumpha mnzake. Ndiye bolodi ntchito yake ndi imeneyo chabe, felemu ya matabwa yokhala ndi zikhomo m'mbali, ulusi umayenda kuchoka pa chikhomo choyamba kuzungulira uku ndi uku mpaka chomaliza nkubwerera njira yomweyo. Palibe chamatsenga, ndi matabwa anayi ndi zikhomo basi, nchifukwa chake zimawawa kuganiza zoitanitsa kunja.

Ndinayang'ana ndithu za kunjazo. Ashford ya ku New Zealand imapanga, Schacht ya ku Boulder ku America imapanga, Leclerc ya ku Canada nayonso, ndipo ndi zokongola zedi, matabwa osalala, zikhomo zoongoka. Vuto ndi loti thabwa limalemera, ndiye ukaphatikiza mtengo wake mu madola, ndalama yotumizira, msonkho wa pa boda ndi VAT ya 16% pamwamba, umapeza kuti ndalama yomwe ukanagulira ulusi wa chaka chonse yathera pa felemu. Pamene kuno ku Lusaka tili ndi mukwa, mlombwa uja, mtengo woti sufota kwambiri ukauma, supindika chisawawa ndipo chiswe sichiukonda. Amene amadutsa mu Alick Nkhata mukudziwa mmene mipando, mabedi ndi mageti amayalidwira m'mbali mwa msewu, anthu aluso alipo maningi, chimene sanachionepo ndi loom basi.

Atate amene ndinawapezawa ndi akumummawa, tinamvana chilankhulo nthawi yomweyo, ndipo chimene chinandikopa ndi choti sananamizire kudziwa. Ena awiri amene ndinayamba kuwafunsa anangoti ee amai timapanga zimenezo daily, chithunzi asanachione nkomwe. Awa anatenga pepala langa, analiyang'ana nthawi yaitali, kenako akuti, "Amai, ichi nchopachikapo zovala kapena?" Nditawafotokozera anafunsa funso limene linandionetsa kuti mutu ukugwira, akuti ulusiwo umakoka mwamphamvu bwanji, chifukwa ngati umakoka ndiye makona sangagwire ndi misomali. Makona anawalumikiza mosemerana thabwa kulowa mu linzake, guluu ndi mabauti, ndipo kunena zoona felemu imeneyi ngakhale mwana atakwerapo siigwedezeka.

Miyeso imene ndinawapatsa ndi iyi, kwa amene mukufuna kukapangitsa yanu. Kuchoka pa mzere wa zikhomo za kumanzere kufika za kumanja mita imodzi ndendende, kupima pakati pa chikhomo mpaka pakati pa chinzake, kuti powerenga usamavutike, ulendo umodzi wopingasa ndi mita imodzi basi. Zikhomo 6 mbali iyi, 6 mbali inayo, zimenezo zimakupatsa warp yofika mamita 11 kapena kuposerapo pang'ono, yomwe kwa ine ndi yokwana chifukwa kuposa pamenepo umafunika warping mill ija yozungulira. Pamwamba zikhomo zitatu zopangira mtanda, pansi zina ziwiri kwa amene amakonda mtanda wachiwiri wowerengera magulu a mu raddle. Kunenepa kwa chikhomo masentimita 2.5, kutalika kotulukira kunja 15, ndipo mpata pakati pa chikhomo ndi chinzake ukhale woti dzanja lodzaza ulusi lidutse osakhula zala. Mpata umenewu anaupereka bwino, dzanja langa si laling'ono koma limadutsa.

Warp yoyamba imene ndinayesera inali ya matawulo anayi a kukhitchini, ndipo ndiika masamu ake pano chifukwa ndi pamene anthu ambiri amathawira ntchito imeneyi, pamene si zovuta. Thaulo lililonse ndimafuna likhale masentimita 70 likatha, kuphatikiza 6 zopinda m'mphepete, 76. Anayi ndi 304. Koma ulusi wa warp suyenda moongoka mu nsalu, umakwera nkutsika pa wopingasa uja ndiye umadyeka, komanso kotoni amafota ukachapa koyamba, ndiye ndimaonjezera 15 pa 100 iliyonse, tafika cha m'ma 350. Kenako pali ulusi umene loom imadya osakubwezera, womangira kutsogolo ndi uja wotsala kumbuyo kwa ma heddle (timawaya ta diso tokweza ndi kutsitsa ulusi) umene sungathe kuuwomba, pa loom yanga ndi pafupifupi masentimita 75. Zonse 425, ine ndinangoti mamita 4.5 kuti patsale koyesera. Mulifupi ndimafuna masentimita 45, koma nsalu imakokera mkati powomba nkufotanso pochapa, ndiye mu reed (chipeso cha loom chimene ulusi umadutsamo) ndinaika mainchi 20, omwe ndi 50 ndi kanthu. Kotoni wa 8/2 (nambala yosonyeza kunenepa kwa ulusi) pa nsalu wamba amafuna ulusi pafupifupi 20 pa inchi, reed yanga ndi ya mipata 10 pa inchi, awiri awiri mu mpata uliwonse, 20 kuchulukitsa ndi 20 ulusi 400. Ndiye 400 kuchulukitsa ndi 4.5 ndi mamita 1,800, ndipo popeza kilo imodzi ya 8/2 imakhala ndi mamita pafupifupi 6,700, warp yonse siifika ndi magalamu 300 omwe.

Ngati ulusi wanu ulibe lebulo, zomwe zimachitika kawirikawiri kuno, zungulizani pa lula inchi imodzi, moyandikana koma osapanikiza, muwerenge. Theka la nambala imeneyo ndiye poyambira pa nsalu wamba, ya twill, ija ya mizere yopendekeka ngati jinzi, imafuna yothinana kuposa apo, cha m'ma magawo awiri mwa atatu.

Nkhani ya ulusiyi ndiyowawa payokha. Thonje timalima, ku Katete, Chipata, Petauke, Lundazi, ngakhale ku Mumbwa konkuno pafupi, ma ginnery ochotsa njere za thonje alipo, koma lambiri likachotsedwa njere limapita kunja, ndipo kuyambira m'ma 1990 pamene msika unatseguka ndi salaula inadzaza, mafakitale a nsalu ngati Kafue Textiles ndi Mulungushi ya ku Kabwe anagwa mphwayi. Ndiye iwe wofuna koni ya kotoni wowombera umazungulira mashopu onse a ku Kamwala nkupeza akiliriki wolukira majuzi ndi kotoni wa kolosheti, wabwino weniweni umadikira wina wochokera ku Johannesburg akunyamulire mu chikwama. Wa kolosheti amagwira ntchito ngati warp, ndiwopotedwa molimba saduka msanga, koma akiliriki amatamuka, ndipo pa bolodi ulusi wotamuka ndi woopsa chifukwa umaukoka osadziwa, ukauchotsa umabwerera, warp ya mamita 4.5 nkupezeka yafupika. Nkhani imeneyi ikukhudza zikhomo mwachindunji, ndifikapo.

Kupima kwenikweni pa bolodi iyi kumakoma, zoona. Ndimayamba ndi chingwe cha mtundu wina chosatamuka, ndimachipima ndi tepi mamita 4.5 kuonjezera kopangira timfundo ku mapeto, nkuchiyendetsa pa zikhomo mpaka ndipeze njira imene ikuthera pa chikhomo ndendende. Chingwecho chimakhala pomwepo ngati cholondolera. Koni ndimaiika pansi mu ndowa kuti isagubuduke, ulusi ukwere moongoka. Popita, ulusi umadutsa pamwamba pa chikhomo choyamba cha mtanda nkulowa pansi pa chachiwiri, pobwerera umadutsa pamwamba pa chachiwiricho nkulowa pansi pa choyamba, ndiye pakati pa ziwirizo pamapangika mtanda pomwe ulusi uliwonse wagona pa mnzake motsatana, woyamba, wachiwiri, wachitatu, palibe angadumphe. Mtanda umenewu ndiye moyo wa warp yonse, ukautaya ulusi 400 umasanduka chisa cha mpheta ndipo palibe pemphero lingakuthandize. Zikhomo zitatu za pamwambazi anaziika motalikirana bwino, mtanda umaoneka poyera, ndimatha kuwerenga ndi chala osawerama. Powerenga ndimaika kaulusi ka mtundu wina kopingasa pa 20 aliyense, inchi imodzi imodzi, kuti wina akagogoda pa geti ndisayambirenso.

Sindipima 400 onse nthawi imodzi, ndimagawa kanayi, 100 100. Gulu likakwana ndimamanga mtanda malo anayi, mikono yake iwiri mbali iyi iwiri mbali inayo, nkumanganso lupu ya kumapeto konse kuwiri, kenako mfundo zothina kwambiri pa mita iliyonse kuti ulusi usaseserekerane. Ndikatero ndimachotsa kuyambira kutali ndi mtanda ndikuluka tcheni ndi dzanja, dzanja likugwira ntchito ya singano ya kolosheti, lupu kulowa mu lupu. Apa mpamene kusalala kwa chikhomo kumaonekera, ngati pali kamzukwa ngakhale kamodzi kamakola ulusi nkuuthothola.

Manje vuto. Felemu anapanga ya mukwa monga tinagwirizana, koma zikhomo anasema za paini, akuti mukwa wotsala unali wochepa ndipo paini ndi wopepuka. Tsiku lotenga zinali zolimba ndithu, ndinazigwedeza chimodzi chimodzi. Anazipakanso vanishi wonenepa wonyezimira, zomwe sindinapemphe, akuti kuti zioneke za ndalama. Vanishi uja kukatentha amachita nyatanyata, ulusi suterera, umakakamira pomwe wagwera ndiye ukafuna kuukankhira mkati kuti upeze malo umachita kulimbana nawo. Imeneyo inali nkhani yaing'ono, sandipepa inathetsa. Yaikulu inabwera kutentha kwa October kutafika, paini uja sanali wouma bwino, anafota mu mabowo, zikhomo zitatu zinayamba kuweramira mkati ulusi ukachuluka.

Wina anganene kuti mamilimita atatu ndi chani. Tiyeni tiwerenge. Chikhomo cha kumanzere chikawerama mamilimita 3, cha kumanja 3, ulendo umodzi wopingasa wafupika ndi 6. Pa warp ya mamita 4.5 pali maulendo anayi, ndiye ulusi womaliza ndi waufupi ndi masentimita 2 ndi theka kuyerekeza ndi woyamba, ndipo pa warp yodzaza bolodi yonse kusiyanako kumadutsa masentimita 6. Umaona ndi maso ulusi woyamba uja wayamba kulendewera pamene womaliza wakungika ngati waya. Ndipo chikhomo chikawerama, kunsonga kumawerama kwambiri kuposa kutsinde, ndiye kusiyanako sikofanana, kumakula pang'onopang'ono kudutsa gulu lonse. Pa loom zimenezi zimatuluka ngati mbali imodzi yothina ina yokhwepa, shuttle imadumpha ulusi wolendewera kapena kugwera pansi, mzere wa nsalu umapita mopendekeka, ndipo mphepete mumaduka ulusi pafupipafupi. Ukhoza kuchepetsa vutoli pokulunga ndi pomanga kutsogolo, koma ngati mfundo zako zothina zija zatsekera kale kusiyanako mkati, umakhala ukukama ulusi ndi zala mita iliyonse. Ndi akiliriki zimaipiratu chifukwa iye amakoka zikhomo mosalekeza ngati legeni.

Kukoka kwambiri popima nakonso kumaweramitsa zikhomo ngakhale pa bolodi ya kunja, ulusi umafunika kungougoneka, osaukunga. Koma chikhomo chabwino chimapirira dzanja la munthu wamba, izi zinali kugwedera ndi chala chimodzi bolodi ili yopanda kanthu.

Ndinabwerera nayo. Apa ndiye ndiwayamikire atatewa, chifukwa tonse tikudziwa mmene zimakhalira ukabweza katundu, umauzidwa kuti mwaononga nokha. Iwo anagwedeza chikhomo chimodzi, anapukusa mutu, akuti, "Apa ndiye talakwa ndife amai, thabwa linali ndi madzi." Anachotsa zonse 17, osati zitatu zokha, anasema zatsopano za mukwa wouma, anakuza mabowo kuti chikhomo chilowe mozama pafupifupi kubooleza thabwa, guluu, ndi sikuluu kuchokera kumbuyo kulowa pakati pa chikhomo chilichonse. Ndinawapempha kuti asapake kanthu, angokwecha ndi sandipepa yosalala kwambiri nkuzungulitsa nsonga. Anandilipiritsa ya thabwa chabe, ya ntchito ayi. Kuchokera pamenepo yadutsa mvula, yadutsa kuzizira kwa June, palibe chagwedera. Ndiye mukapita kukapangitsa, nenani poyamba pomwe kuti zikhomo zikhale za mtengo wolimba wouma, ndipo tengani sikweya muike pa chikhomo chilichonse muone ngati chaima chilili, chifukwa ngati bowo linabooledwa ndi dililo ya pamanja mopendekeka ndiye kuti chikhomo chabadwa chowerama kale. Funsani ngati ali ndi makina oboolera oima, awa analibe koma anapita kukaboolera kwa mnzawo.

Raddle ndiye imene sinandisangalatse. Kwa osadziwa, ndi thabwa lalitali ngati mulifupi mwa loom lokhala ndi mano, umalimangirira kumbuyo nkugawa ulusi m'mipata yake kuti warp ikulungike pa beam mulifupi momwe idzakhalire mu reed. Ndinapempha mipata ya inchi imodzi imodzi, mano osalala opanda mitu. Anakhoma misomali wamba nkudula mitu ndi pulayala, osakwecha, ndiye nsonga iliyonse inali ndi kakuthwa. Mipata ina inchi, ina kuposerapo, ina kuchepera, zikuoneka kuti anapatsa mnyamata wophunzira ntchito. Cholembera pakati panalibe, pamene pa raddle pakati ndiye poyambira kuwerenga kuti warp ikhale pakati pa loom. Ndinakwecha ndekha nsonga zonse ndi fayilo, ndinalemba pakati ndi maka, ndipo popeza ilibe chivindikiro ndimakulunga malegeni pamwamba pa misomali kuti ulusi usatumphe. Ikugwira ntchito, sindikana, koma nthawi ya mvula misomali ija inayamba dzimbiri ndipo dzimbiri pa kotoni woyera silichoka, manje ndimaipukuta nthawi zonse ndisanaike ulusi. Mukapangitsa yanu pemphani timitengo ting'onoting'ono m'malo mwa misomali, kapena misomali yosachita dzimbiri, ndipo mizere muilembe nokha pa thabwa ndi lula musanachoke.

Timitengo ta mtanda tokha ndilibe nato mawu. Tiwiri, tosalala mbali zonse, m'mphepete mozungulira, mabowo kunsonga omangira chingwe kuti tisapatukane. Umalowetsa kamodzi mbali iyi ya mtanda kena mbali inayo, kumanga nsonga, ndiye ukamasula mfundo zija mtanda umatambasuka mulifupi monse, ulusi ukutuluka umodzi umodzi motsatana polowetsa mu ma heddle. Pokulunga, warp yonse imadutsa pa timitengo timeneti, ndiye tikakhala tokhakhala timadula ulusi kapena kupanga timabulu ta ubweya tomwe timamatiriza ulusi pamodzi. Ndinayesa njira yakale yopititsa sokosi yopyapyala ya nayiloni pamwamba, sinakole paliponse.

Timatabwa topyapyala, ngakhale ndinatioda, anangondipatsa ngati basela, zotsala pa ntchito ina, anazipala nkudula kutalika kuposa mulifupi mwa warp ndi masentimita 5 mbali iliyonse. Ambiri amaderera chinthu ichi koma warp ikamakulungika pa beam popanda cholekanitsa, ulusi wapamwamba umalowerera mwa wapansi, wina mozama wina pang'ono, ndipo wam'mphepete umagwera kumbali, mapeto ake kukungika konse kuja munasamala pa bolodi kwatayika. Pepala lolimba la khaki limagwira, makalendala akale amagwira, nyuzipepala ayi ndi yofewa ndipo inki imada. Koma timatabwa ndi bwino kuposa zonse chifukwa sitikwinyika, ndimaika tinayi kapena tisanu pa kuzungulira kumodzi, kenako kuzungulira kwina kopanda kanthu, kenako tina. Ndimakulunga ndekha, gulu lililonse ndalimangirira botolo la madzi la malita awiri lolendewera kutsogolo kuti onse akoke mofanana, bola mabotolo kusiyana ndi munthu wokugwirira amene dzanja limodzi limatopa msanga kuposa linzake.

Kunena za nthawi, anachedwa. Tsiku limene ananena silinali limenelo, ndipo lachiwiri nalonso ayi, chifukwa chake magetsi, makina osemera zikhomo sayenda popanda magetsi, ndipo ndikukhulupirira chifukwa ndinawapeza anyamata atangokhala pa mabenchi. Chomwe sindinakonde ndi kusaimba foni, umachita kupita wekha kukamva kuti sizinathe. Ngati muli ndi oda ya makasitomala imene ikudikira bolodi imeneyi, musalonjeze tsiku. Dipoziti anafuna theka, ndinatumiza pa foni, ndipo analemba mu kabuku kawo miyeso yonse ndi ndalama, zomwe si onse amachita.

Mtengo wa zonse pamodzi, kuphatikiza mukwa wa zikhomo zachiwiri zija, unali pafupifupi ndalama yogulira matumba atatu a unga a 25kg panthawiyo. Sindinanenerere kwambiri chifukwa ndinaona ntchito ya pa makona ija. Mukafuna kutsitsa, mukhoza kukagula thabwa nokha ku msika wa Buseko nkuwapititsira, koma pokhapokha ngati mumadziwa kusiyanitsa louma ndi laliwisi, apo ayi mudzagwa m'vuto lomwe lija la zikhomo, ulendo uno popanda womudandaulira.

Kulemera ndiye ikulemera, mukwa si masewera. Za kunja zambiri umatha kumasula nkusunga pansi pa bedi, iyi ngakhale ili ndi mabauti guluu uja anaimata mpaka kale, ndiye ndi felemu yoposa mita mbali zonse yokhala ndi zikhomo zotulukira ngati minga. Mu minibasi kondakitala adzakuuzani kuti mulipire mpando wonse wakumbuyo, ine ndinangoitana takisi ya Yango ndipo bolodiyo inalowa pa mpando wakumbuyo movutikira. Kunyumba ndinaikhomera pakhoma ndi mahuku awiri, zikhomo za pamwamba zili pa msinkhu wa phewa langa, chifukwa kupima ulusi 400 bolodi ili pa tebulo msana umakuuza tsiku lotsatira. Sanaike popachikira, ndinaonjezera ndekha, inu mukawauze aikiretu. Ndipo miyezi ya mphepo ija, August ndi September, fumbi la mu Lusaka limakhala pa zikhomo, ndiye ndimaiphimba ndi chitenge chakale nkupukuta ndisanaike ulusi woyera.

Amene muli ndi rigid heddle loom yaing'ono, ija ya chipeso chimodzi chokweza ndi kutsitsa ulusi, ndipo mumawomba masikafu a mamita awiri kapena atatu, bolodi iyi simukuifuna kwenikweni, chikhomo chimodzi chomangirira ku tebulo chikukwanirani, mumakoka ulusi kuchoka pa loom mpaka pa chikhomo mwachindunji. Miyendo ya mipando yotembenuza imagwiranso pa warp yaifupi ngati mipandoyo mwaitsamiritsa ndi chinthu cholemera kuti isasendere. Koma mukangoyamba loom ya ma shaft anayi (mafelemu onyamula ma heddle), ulusi wopyapyala, mitundu yosinthasintha, kapena warp imodzi yotulutsa matawulo kapena ma table runner (nsalu zazitali zoyala pa tebulo) angapo ogulitsa ku Kabwata kapena pa msika wa Sande ku Arcades, pitani mukapangitse. Nyamulani pepala lojambula ndi miyeso yolemba mu masentimita, koni ya ulusi muwaonetse mmene umayendera pa zikhomo, ndi sikweya ya tsiku lokatenga. Ine raddle ndikawapangitsanso ina ya timitengo mwezi wamawa, ndawauza kale kuti ulendo uno agwire okha, asapatse mnyamata.